Lefse ya malemu amama ikukanika? Nazi zomwe zimavuta kawirikawiri ndi pokonza pake

Ikangofika Novembala mafunso amayamba, ndipo chaka ndi chaka ndi omwewomwewo. Mtanda ukumata m'manja, lefse ikung'ambika ponyamula, m'mbali mwauma gwa, ndiye pamakhala lina lija lobwera kumapeto munthu atayamba wakhala chete pafoni, loti nanga bwanji sikukoma ngati ya amama. Ine ndinakwatiwa m'banja la ku Norway, amene ankapanga lefse pakhomo pano anali apongozi anga aakazi, ndipo chimwalirireni iwowo ntchitoyi inatsalira ife ana. Alamu anga amaimba kufunsa, anzathu ena olankhula Chichewa amene ali m'mabanja ngati langali nawonso amafunsa, ena ali konkuno ku Norway ena ku Minnesota, ndiye ndati bola ndilembe zonse malo amodzi.

Kwa amene simukuidziwa, lefse ndi mkate wopyapyala wofewa, wootcha popanda mafuta pa chitsulo chachikulu chozungulira chomwe kuno amati takke. Mitundu ndi yambiri, dera lililonse ndi yake, koma ine ndikamba kwambiri za potetlefse, ya mbatata ya kachewere ndi ufa wa tirigu, poti ndi yomwe imasautsa anthu kwambiri. Mbatata inafika ku Norway m'zaka za m'ma 1700 lefse ilipo kale ya ufa wokhawokha, n'chifukwa chake maresipi ena mulibe mbatata olo pang'ono. Komanso anthu pafupifupi 800,000 amene anasamuka ku Norway kupita ku America kuyambira 1825 mpaka cha m'ma 1920 anapita nayo, ndiye ku Minnesota, North Dakota ndi Wisconsin amaipanga pa Thanksgiving ndi pa Khirisimasi, yawoyo amathiramo batala ndi kirimu. Ndanena dala izi chifukwa musanayambe mukuyenera kudziwa kuti kakhadi ka resipi kamene anasiya makolo anuko ndi ka mbali iti.

Mavuto ambiri a lefse gwero lake ndi madzi ndi nthawi, mbatata yonyowa ndi ufa wothira msanga. Kakhadi ka amama sikanena zimenezi chifukwa iwo ankazidziwira m'manja, sankaona chifukwa cholembera. Ndiye musanasinthe resipi yawo, kapena kuyamba kudziona ngati mwawachititsa manyazi, yambani mwafufuza zili m'munsizi. Pavuto lililonse ndayamba ndi chomwe chimachitika kwambiri, kumatsika.

Ngati kakhadi kanasowa, poyambira ndi apa:
- Kapangidwe ka ku Norway: mbatata yophika yofinya kale 1 kg, ufa magalamu 250 mpaka 300, mchere supuni yaing'ono imodzi.
- Kapangidwe ka ku America: mbatata yofinya makapu 4, batala kota ya kapu, kirimu theka la kapu, shuga masupuni aang'ono 2, mchere supuni yaing'ono imodzi, ufa kapu imodzi ndi theka.

## 1. Mtanda ukumata, ukuthira ufa koma sukusintha

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndipo mukakonza apa mavuto enawo theka amatha okha.

Mbatata yamwa madzi pophika. Tapani mbatata yofinyayo pang'ono muipane m'dzanja. Yabwino imagwirana kukhala kampira koma dzanja limatsala louma, ikasiya chinyezi chonyezimira pachikhatho ndiye kuti yanyowa. Apongozi anga ankachita zimenezi nthawi zonse asanatsegule n'komwe thumba la ufa, amapana, kutambasula dzanja, kuliyang'ana pafupi ndi windo, kenako ndi pomwe amanena kuti tipange lero kapena tidikire. Pokonza pake:
- phikani mbatata yathunthu ndi khungu lake, kapena ngati mwasenda dulani zibenthu zikuluzikulu osati ting'onoting'ono
- ikangopsa poti foloko ikulowa, tsanulani madzi nthawi yomweyo, osaisiya ikhale m'madzi otentha
- bwezerani mphika pamoto wochepa osavundikira mphindi ziwiri zitatu, muzigwedeza, nthunzi ituluke

Sinazizire mokwanira, kapena inazizira yovundikira. Finyani ikadali yotentha, ngati mukuthira batala ndi kirimu thirani pomwepo, kenako yalani m'mbale yotakata muike mufuliji usiku wonse. Pamwamba phimbani ndi thaulo la mbale basi. Mukatseka ndi chivindikiro kapena pulasitiki nthunzi imasanduka madontho n'kugweranso mumbatata momwemo, ntchito yonse youmitsa ija n'kupita pachabe. Lowetsani chala pakati, pakhale pozizira kwenikweni osati m'mbali mokha.

Mwathira ufa msanga. Ichi anthu sachikhulupirira mpaka atachiona. Mtanda wa lefse ukakhala umafewa, mbatata imapitiriza kutulutsa madzi ikakumana ndi ufa ndi mchere, ndiye mtanda womwe unali bwinobwino 9 koloko pofika 11 koloko wasanduka phala. Gawani mbatata yozizirayo magawo, thirani ufa gawo limodzi lokha lomwe mungamalize kuotcha m'mphindi 30 kapena 40, enawo akhale mufuliji opanda ufa. Timipira tomwe mwaumba natonso tizikhala mufuliji, muzitulutsa kamodzikamodzi.

Mtundu wa mbatata. Imafunika yaufa, yomwe ikapsa imanyenyeka. Ku Norway ndi Kerrs Pink, Pimpernel kapena mandelpotet, ku America ndi Russet, ku Britain Maris Piper kapena King Edward. Mbatata yongokumba kumene komanso ija yoterera yomwe imakhalabe yolimba ikapsa ili ndi madzi ambiri, sizitheka nayo bwino. Ngati muli kumudzi ndipo mukugula kachewere wapamsika, sankhani wokhwima wakhungu lolimba amene wakhalitsako, muphike mmodzi kaye muone ngati akunyenyeka.

Munagaya ndi bulenda. Bulenda kapena makina osakanizira amaphwanya sitachi wa mbatata n'kukhala chinthu chonanda chokokeka. Iyi siikonzeka, olo muthire ufa wochuluka bwanji. Idyeni ndi ndiwo, muphike ina. Pofinya gwiritsani ntchito potetpresse, chofinyira chija cha timabowo, kapena chopukusira nyama chapamanja.

Khitchini yatentha. Takke ikayaka chipinda chimatentha msanga. Tsegulani windo, ndipo mbale ya mtanda isakhale pafupi ndi takke.

## 2. Ikung'ambika kapena kuboola mabowo popapatiza

- Mibulu. Kambulu kamodzi kokha kakang'ono kamaboola lefse yonse kakakumana ndi kjevle, mtengo uja wogudubuzira. Pitirizani mbatata kawiri muchofinyira, ndipo maso a mbatata ndi pakuda ponse muchotseretu posenda.
- Kampira kanali ndi ming'alu m'mbali. Mng'alu waung'ono pa kampira umakula lefse ikamatambasuka. Umbani kampira kokula ngati dzira, kaphwatikeni pakati pa zikhatho, kenako zungulirani m'mbali ndi chala kutseka ming'alu yonse musanayambe.
- Mukukanikiza. Kjevle ndi yolemera kale, isiyeni igwire ntchito yokha. Yambirani pakati kupita kunja, mukamafika m'mphepete muzipepukitsa dzanja, muzisintha mbali.
- Ufa wachepa mumtanda. Kampira kakamaphwasuka musanagudubuze n'komwe onjezerani supuni imodzi kapena awiri, osati dzanja lonse.
- Ufa wa rye kapena wa balere wachuluka. Maresipi akale ambiri amasakaniza, koma ufa umenewu sugwirana ngati wa tirigu. Ngati mukuphunzira kumene yambani ndi tirigu wochulukirapo, dzanja likazolowera mubwerere pa muyeso wa kakhadi.

Ndipo kabowo kamodzi si chifukwa chotayira lefse. Otchani, ikapakidwa batala n'kupindidwa palibe amene aone.

## 3. Ikukakamira pathabwa kapena pa kjevle, ponyamula n'kuduka

Pali malo onyowa pansalu. Thabwa la lefse limakutidwa ndi nsalu yolimba yokokedwa bwino, ndipo pakati penipeni pomwe kampira kamakhala ndi pomwe pamayamba kunyowa. Papaseni ndi chala. Mukamva kuti pali chikhakha palani ndi mpeni wosathwa, tikitani ufa wouma mpaka ulowe munsalu, kampira kotsatirako mukaike pambali pang'ono. Ufa uzilowa munsalu, osati kungowaza pamwamba, ndipo muzichita izi lefse iliyonse isanayambe.

Mizere ya kjevle yadzaza mtanda. Kjevle ya lefse imakhala ndi timizere, mtanda ukangolowamo kamodzi pamalo pomwepo pazigwira lefse iliyonse yotsatira. Imani, chotsani ndi burashi youma yolimba, tikitani ufa. Ambiri amaiveka kansalu kooneka ngati sokosi kuti izi zisachitike. Osaiviika m'madzi, mtengo umatupa n'kusweka, makamaka ngati ndi yakale ya makolo.

Mukuchedwa kunyamula. Lefse ikapyapyala isakhale pathabwa, imayamba kumata pomwepo. Takke ikhale yopanda kanthu musanamalize kugudubuza.

Kanyamulidwe. Kamtengo konyamulira, katali kopyapyala kaja, kalowe pansi pa lefse pakati penipeni mbali yosalala ili pansi, muzikayendetsa uku ndi uku kumasula kaye, kakatulukira mbali inayo ndi pomwe mukweze. Pa takke musaiponye, gonekani m'mphepete mumodzi kenako muzigudubuza kamtengoko lefse iziyalika yokha. Kunsonga kwa kamtengo kukhale kouma, muzikupukuta.

## 4. Yauma m'mbali, ikuthyoka popinda

1. Takke sinatenthe. Anthu amaopa kupsereza ndiye amachepetsa moto, koma moto wochepa ndi umene umaumitsa chifukwa lefse imakhalitsapo. Imafunika madigiri 230 mpaka 260 a Celsius, kapena 450 mpaka 500 a Fahrenheit ngati yanu imawerenga za ku America. Mbali yoyamba isafike mphindi imodzi, ikachita matuza n'kuyamba timadontho tabulauni pansi tembenuzani, mbali yachiwiri imapsa msanga kuposa pamenepo.
2. M'mphepete mwapyapyala kuposa pakati. Ndi kukanikiza kuja kjevle ikamatsika m'mphepete.
3. Simunaifunditse. Ikachoka pa takke ilowe pakati pa mathaulo nthawi yomweyo, ina pamwamba pa inzake, nthunzi yake yomwe ndi imene imaifewetsa. Kwathu kuno pamwamba pa mathaulo timaikanso bulangete.
4. Ufa wambiri pogudubuza.

Yomwe yauma kale musataye. Iikeni pakati pa mulu wa zotentha, kapena pakati pa mathaulo onyowa pang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, imabwerera.

Koma onetsetsani kaye mtundu wa lefse yomwe mukupanga. Zina ngati krotekake ya ku Hardanger amaziumitsa dala kuti zisungike miyezi, pakudya ndi pomwe amazinyowetsa ndi madzi n'kuzikulunga m'thaulo mpaka zifewe. Ngati kakhadi kanu mulibe mbatata ndipo lefse ikutuluka youma, mwina simunalakwitse kalikonse.

## 5. Ikupserera, kapena pena papsa pena ayi

Madontho akuda ndi kuwawa. Kawirikawiri si lefse yomwe yapserera, ndi ufa wotsalira pa takke. Pukutani takke ndi nsalu youma mukachotsa lefse iliyonse, ndipo ufa wapamwamba pa lefse muzisasa ndi burashi yofewa isanapite pamoto. Ngati takke ndi yoyera koma madontho akuda akubwerabe pasanathe masekondi 20, tsitsani moto pang'ono.

Malo otuwa ooneka ngati onyowa. Sinapse pamenepo. Mwina ndi yokhuthala, yabwino imapyapyala mpaka mizere ya nsalu ya pathabwa kumaonekera. Mwinanso takke inazizira chifukwa mukuika motsatizana kwambiri, ipatseni kamphindi ibwerere. Matuza aakulu akakwera apondeni pang'ono ndi kamtengo kuti pansi pake pakhudze chitsulo.

Mbali imodzi ya takke ikupsereza, inayo ayi. Itenthetseni mphindi 15 kapena 20 musanayambe. Wazani ufa pang'ono ponseponse muone pomwe ukuyamba kufiira, mudziwa pomwe pali moto wambiri ndiye muzizunguza lefse. Ngati kusiyanako ndi kwakukulu, kwina kukupsereza kwina kungofunda, vuto ndi la magetsi mkati, pitani pa gawo lomaliza.

Opanda takke, chiwaya chachitsulo chokhuthala chimagwira ntchito, osathira mafuta, muzipanga zing'onozing'ono zomwe kuno amati lompe.

## 6. Yolimba, yovuta kutafuna

Ife amene manja athu anazolowera chapati apa tisamale. Chapati amafuna kukanda kwambiri kuti mtanda ukokeke, lefse ndi zosiyana, mukakanda choncho imalimba. Sakanizani ufa ndi mbatata mpaka zingogwirana basi, siyani pomwepo.

- ufa wachuluka chifukwa munkalimbana ndi mbatata yonyowa, bwererani pa gawo loyamba
- mwakanda nthawi yaitali
- mwagwiritsa ufa wa buledi, umene uli ndi mphamvu yokoka kwambiri, gulani fulawa wamba
- mwaumbanso zotsalira n'kugudubuza kachiwiri kachitatu
- yakhalitsa pamoto

## 7. Zamatana, zasasa kapena zachita nkhungu posunga

Choyamba ndi kulongedza zikadali zofunda. Zikafewa m'mathaulo zitulutseni, zizizire zonse mpaka mkati mwa mulu, pindani kawiri zikhale ngati kota, kenako m'mapepala apulasitiki otseka bwino. Mukaona madontho mkati mwa pepala ndiye kuti munafulumira, tulutsani ziume kaye. Chachiwiri ndi lefse yosapsa bwino, malo otuwa aja ndi pomwe nkhungu imayambira. Chachitatu ndi kuzisiya panja, lefse ya mbatata siikhalitsa, mufuliji masiku ochepa, zotsala zipite mufiriza komwe zimakhala miyezi ingapo. Ikani zochepazochepa papepala lililonse, ndipo posungunula zisiyeni m'pepala lomwelo.

## 8. Zonse zayenda bwino koma sikukoma ngati ya malemu

Ili ndiye limapweteka, ndipo sindikufuna kuliyankha mopepuka. Pali zifukwa zenizeni zakukhitchini zomwe mungafufuze, tiyambe ndi zimenezo.

Kapu yawo si kapu yanu. Maresipi akale a ku Norway akalemba kopp nthawi zambiri amanena kapu ya khofi ya m'nyumbamo, yomwe ndi yaing'ono kuposa kapu ya ku America ya mamililita pafupifupi 240. Fufuzani m'kabati yawo, mwina muli kakapu kothyoka chogwirira komwe kankakhala m'chitini cha ufa, ndi kameneko. Akalemba dl ndi mamililita 100, ss ndi supuni yaikulu ya mamililita 15, ts ndi yaing'ono ya 5. Komanso "makapu 4 a mbatata" atha kukhala yopanikiza kapena yongotapa, kusiyana kwake n'kwakukulu. Mukapeza muyeso womwe wagwira yezani pasikelo mulembe magalamu papepala lina, pakakhadi kawo musalembepo.

Mafuta omwe ankathira. Kakhadi katha kunena batala koma iwo ankathira majarini chifukwa ndi amene ankapezeka, ena ankathira mafuta a nkhumba. Batala wamchere ndi wopanda mchere nayenso amasintha kakomedwe. Kirimu ena ankasinthanitsa ndi mkaka.

Ufa. Ngati mukukumbukira kuti yawo inali yoderako ndi kafungo kena kake, mwina munali byggmel, ufa wa balere, kapena siktet rugmel, wa rye wosefa. Yesani kuchotsa gawo limodzi mwa anayi la tirigu muikemo umenewo.

Mbatata yaufa ya m'paketi. Mabanja ambiri makamaka ku America anasinthira ku mbatata youma ya m'paketi makolo atayamba kukula ndi kutopa, ndipo sankalengeza. Palibe chamanyazi pamenepo. Ngati lefse yomwe mukuikumbukira ndi ya zaka zawo zomaliza, funsani amene ankawagulira zinthu kusitolo.

Zopaka. Nthawi zina lefse ili bwinobwino, chasiyana ndi pamwamba. Batala wofewa ndi shuga woyera, shuga wabulauni, sinamoni, brunost tchizi chija chabulauni, kapena kudyera limodzi ndi nsomba za lutefisk kapena rakfisk, kapena nyama ya nkhumba ya sylte pa Khirisimasi. Ena ankasakaniziratu batala ndi shuga kukhala phala asanapake, ena ankawaza shuga pamwamba kuti azimveka pamano. Amuna anga chomwe ankachisowa chinali chimenechi, shuga womveka pamano.

Mukupanga mtundu wina. Kakhadi kakatchula mkaka wosasa, manyuchi kapena chotupitsa chotchedwa hjortetakksalt ndiye kuti si potetlefse, mwina ndi tjukklefse yokhuthala ija. Hjortetakksalt imanunkha amoniya pootcha, ndi mmene imakhalira, fungolo limachoka ikapsa. Ku Salten kumpoto amadya møsbrømlefse yothira msuzi wa tchizi chabulauni, ndi chinthu chinanso. Dziwani dera lomwe makolo anu anakulira.

Moto. Amene anakula akudya yootcha pa takke ya nkhuni, yamagetsi siingawapatse fungo lomwelo.

Njira yachidule pa zonsezi ndi kufunsa achikulire omwe atsala, azakhali, amalume, mnzawo wakutchalitchi amene ankapanga nawo. Osafunsa kuti resipi inali yotani, akuuzani zomwe zili kale pakakhadi. Funsani kuti ankaphika mbatata tsiku liti, ankaisiya kuti usiku, ankathira ufa ndi chani, paketi ya majarini inali yamtundu wanji. Ngati n'kotheka aitaneni adzakhale pampando pomwe mukupanga, amaona zinthu zomwe pafoni sangazikumbuke. Muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi kuti mudziwe chomwe chathandiza.

Ndiye pali mbali ina yomwe sikelo siingakonze. Munthu ukakhala pachisoni chakudya chimamveka mosiyana mkamwa, komanso lefse yomwe mukuikumbukira munkapatsidwa yotentha ndi munthu amene ankakukondani, inu mutangokhala, pomwe lero mwaima tsiku lonse msana ukuwawa. Ine ndimaona kuti si bwino kupanga nokha chaka choyamba. Lefse ndi ntchito ya anthu awiri kapena atatu kale, wina kugudubuza wina kuotcha wina kupinda, ndipo wina akafuna kutuluka panja kukalira pakhale wotsala pa takke. Musayambenso ndi makilo asanu tsiku loti mawa ndi Khirisimasi alendo akubwera, yambani ndi kilo imodzi tsiku wamba.

## 9. Apa siyani, itanani odziwa

Zamagetsi. Takke zambiri zomwe timatengera kwa makolo ndi zakale, ndipo zimakoka magetsi ambiri kwa maola. Zimitsani, zulani pulagi, muitane wamagetsi wovomerezeka mukaona izi:
- waya wasupuka, wauma n'kusweka, kapena anamangidwa ndi tepi
- pulagi kapena soketi ikutentha, yada, kapena kukumveka fungo la pulasitiki yopsa
- magetsi akuthima m'nyumba mukangoyatsa, kachiwiri osayesanso
- mwamva kugwidwa ndi magetsi olo pang'ono pokhudza chitsulo
- chowongolera kutentha sichikuzimitsa, takke ikungotenthabe
- takke ndi ya ku America ya mavoti 120 ndipo inu muli kwa mavoti 230 ngati ku Norway, ku Britain kapena ku Malawi, ka adaputala kosintha mano a pulagi sikasintha mphamvu ya magetsi

Musaitsegule nokha pansi pake ngakhale mumaikonda bwanji, ndipo musailumikize pa ekisitenshoni yopyapyala limodzi ndi ketulo. Pansi pake ikani thabwa lokhuthala kapena china chosagwira moto, kutentha kwake kumatha kuswa kauntala. Ngati ndi yokutidwa ndi zija zoletsa chakudya kumata ndipo zayamba kusupuka, yakwana kupuma, ndipo yamtundu umenewu isapitirire madigiri 260.

Moto ukabuka. Zulani pulagi ngati mungafikire bwinobwino, osathira madzi pa chinthu chamagetsi. Ukakula tulukani muimbe, ku Norway ozimitsa moto ndi 110, ku Britain 999, ku America 911.

Kupsa. Ikani popsapo pamadzi oyenda ozizirira bwino kwa mphindi 20, osapaka batala, ufa kapena mankhwala otsukira mano, ndipo mphete muvule msanga chala chisanatupe. Pitani kuchipatala ngati bala ndi lalikulu, lili pankhope, pazala kapena polumikizira mafupa, khungu layera kapena lada, kapena wapsayo ndi mwana. Ku Norway legevakt, chipatala cha odwala mwadzidzidzi, ndi 116 117, ambulansi 113.

Chakudya chokayikitsa. Mbatata yobiriwira kwambiri, yophuka kwambiri kapena yowawa itayeni, ili ndi poizoni amene kuphika sikumuchotsa. Mbatata yothira kirimu yomwe yagona panja m'nyumba yofunda itayeni. Lefse ikachita nkhungu tayani pepala lonse, osangodula pomwe paonekapo. Wina akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, makamaka mwana kapena wachikulire, aonedwe ndi dokotala. Ngati m'banjamo muli wodwala matenda osagwirizana ndi tirigu, dziwani kuti rye ndi balere nazonso sizimuyenera, ndipo thabwa, nsalu ndi kjevle zakalezo zadzaza ufa, zake zikhale zapadera ndipo mufunse a zaumoyo za ufa woyenera.

Chisoni chikapitirira. Kulira pa takke ndi chinthu chabwinobwino, abale, zisakuopseni. Koma ngati papita miyezi munthu sakugona, sakudya, ntchito yaima, wayamba kumwa kwambiri, kapena akuyankhula zofuna kutsatira malemuwo, lefse iyambe yadikira. Mupite naye kwa dokotala wake, ku Norway fastlege, ku Britain GP, muuzenso abusa kapena wachibale wamkulu amene amamumvera. Nambala ya 116 123 imayankhidwa usana ndi usiku, ku Norway ndi a Mental Helse ndipo ku Britain ndi a Samaritans, ku America imbani 988. Ngati mukuona kuti moyo wake uli pangozi lero lomwe, imbani ya ambulansi ndipo musamusiye yekha mpaka afike.